Kodi ndani ankalamulira ku Kota Kota pakati pa 1959 ndi 1964?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale ku Nkhotakota, ndipo akuti: "M'kalasi timaphunzitsa ana kuti ulamuliro wa atsamunda unatha pa 6 July 1964. Koma akuluakulu a kuno ku Linga amanena kuti pofika chaka chimenecho Bwana DC anali atasiya kale kuopedwa, ndipo kuti mawu enieni anali ndi a chipani. Kodi m'zaka zomalizazo ankayendetsa dziko ndani kwenikweni, ndipo zinthu zinkayenda bwanji pa boma ngati lathu lino?"

Aphunzitsi, akuluakuluwo akunena zoona, ndipo zimene mumaphunzitsazo si zabodza ayi, kungoti mbali ziwirizi zikukamba zinthu zosiyana. Deti la 6 July 1964 likunena za tsiku limene mbendera ya Britain inatsitsidwa ku Blantyre, pamaso pa Prince Philip, ndipo dziko la Nyasaland linayamba kutchedwa Malawi. Akuluakulu a ku Linga akunena za nthawi imene lamulo la mzungu wa pa boma linaleka kumveka m'mudzi, ndipo nthawi imeneyo inafika zaka zingapo mbendera isanatsike. Mphamvu za atsamunda zinayamba kutha m'munda ndi pa bwalo la mfumu, kenaka pa ofesi ya DC, kenaka ku Zomba, ndipo ku London n'kumene zinathera pomaliza.

Kuti zimenezi zimveke, m'pofunika kudziwa mmene boma linakhalira. Pamwamba panali Bwanamkubwa ku Zomba, amene ankayankha kwa nduna yoona za maiko olamulidwa ndi Britain ku London. Pansi pake panali akuluakulu a zigawo zitatu, ndipo wa chigawo chapakati ankakhala ku Lilongwe. Kenaka panali DC, amene kwanuko ankakhala pa boma la Kota Kota, monga mmene dzinali linkalembedwera nthawi imeneyo, ndipo dera lake linkafika mpaka kumapiri a Ntchisi. Kuchokera m'chaka cha 1933, malamulo anapatsa mafumu aakulu, a mipando ngati ya Malengachanzi ndi Kanyenda, mphamvu zoweruza milandu m'mabwalo awo, zokhazikitsa malamulo ang'onoang'ono a m'dera, ndi zotolera msonkho. Azungu ogwira ntchito ya boma m'dera lalikulu chonchi anali owerengeka pa zala. Ntchito yeniyeni inkagwiridwa ndi anthu akuda: makalaliki, amesenjala, apolisi, akapitawo a zaulimi, mafumu ndi nyakwawa zawo. Ulamuliro wonse unatsamira pa kumvera kwa anthu amenewa, ndipo iwo atayamba kuyang'ana kwina, DC anatsala ndi ofesi ndi mbendera basi.

Okalamba ambiri sakumbuka dzina la DC aliyense, koma amakumbuka ulendo wake. Mesenjala ankatsogola kukadziwitsa nyakwawa kuti bwana akubwera, anthu ankalambula njira ndi kusesa pamalo omangapo tenti, ndipo tsikulo likafika tebulo linkaikidwa pamthunzi, kalaliki n'kutsegula kaundula wa msonkho ndi kuyamba kuitana maina a amuna a m'mudzimo mmodzimmodzi. Pa maina ambiri nyakwawa inkayankha kuti mwini wake ali ku Halale, kapena kuti anapita ku Joni pa Wenela. Amene analipo ankaonetsa chiphaso cha msonkho, kapepala kamene munthu ankakasunga mosamala kuposa ndalama, chifukwa kupezeka wopanda iko kunali kudziitanira ndende. Mayankho a "ali ku Halale" amenewa ndi ofunika kwambiri pa nkhani yathu, pakuti amuna a m'mbali mwa nyanja anali ataona ndi maso awo mmene munthu wakuda ankakhalira mu ulamuliro wa azungu okhazikika ku Southern Rhodesia, kumene malo abwino anali a azungu ndipo munthu sankayenda popanda chitupa. Choncho pamene Britain inalumikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia m'chaka cha 1953, anthu sanafunikire wophunzira woti awafotokozere kuipa kwa Chitaganya.

Kuyambira chaka chimenecho, munthu wa ku Kota Kota anali pansi pa maboma awiri nthawi imodzi. Boma la ku Zomba linkaona za mafumu, apolisi, malo, ulimi wa anthu akuda ndi sukulu za ana awo. Boma la Chitaganya ku Salisbury, lotsogozedwa ndi Godfrey Huggins ndipo kuchokera mu 1956 Roy Welensky, linkaona za asilikali, positi, kasitomu, misewu ikuluikulu, maphunziro apamwamba ndi zaumoyo. Sitampa imene munthu ankamata pa kalata yopita kwa mbale wake ku migodi inali ya Chitaganya, ndalama za m'thumba mwake zinali za Chitaganya, ndipo chipatala cha boma chinali cha Chitaganya. Tisabise kuti ndalama za ku Salisbury zinamangako zinthu, monga chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Koma anthu sankatsutsa kuchepa kwa ndalama. Ankaopa kuti tsiku lina Britain idzachoka n'kusiya dziko m'manja mwa azungu a ku Rhodesia mpaka kalekale.

Komabe chimene chinadanitsa kwambiri boma ndi munthu wamba si nkhani za ku Salisbury, koma malimidwe. Pambuyo pa njala ya 1949, boma linalimbitsa malamulo a kasamalidwe ka nthaka, ndipo linayamba kukakamiza anthu kulima mizere yopingasa, kukumba migula, kudzala pa nthawi yoikika, ndi kuzula ndi kutentha mapesi a thonje lisanafike tsiku limene boma lanena. Kwa anthu a kunyanja, amene anazolowera kudzala chinangwa chawo cha kondowole pa matutu, lamulo la mizere linali lachilendo ndi lotopetsa, ndipo kwa alimi a thonje a ku Salima kapitawo anasanduka wapolisi wa m'munda. Wolephera ankatengedwa kupita ku bwalo la mfumu, kumene ankalipitsidwa chindapusa kapena kutumizidwa kundende. Zina mwa njira zimenezi zinali zothandizadi poteteza nthaka, ndipo alangizi amaphunzitsa zofanana nazo mpaka lero, koma kuzibweretsa ndi chindapusa kunaononga zinthu ziwiri pamodzi: kunadanitsa anthu ndi ulangiziwo, ndipo kunaika mfumu pakati pa moto, pakuti ikamvera DC inkadana ndi anthu ake, ikamvera anthu inkachotsedwa. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inachotsedwa pa mpando mu 1953 itauza anthu ake kuti asamvere malamulo amenewa pokana Chitaganya. Pamwamba pa izi, mitengo ya mbewu inkaikidwa ndi mabungwe a boma ogula zokolola, amene anaphatikizidwa kukhala bungwe limodzi mu 1956, ndipo mlimi ankadziwa kuti akulandira zochepa poyerekeza ndi mtengo umene mbewu zake zinkagulitsidwa kunja.

Chipani cha Nyasaland African Congress, chimene chinayamba mu 1944, chinapeza mphamvu zatsopano mu 1956 pamene anthu akuda asanu analowa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba. Mmodzi mwa iwo anali Henry Masauko Chipembere, mwana wa m'busa wa mpingo wa Anglican, wobadwira ku Kayoyo m'dera lomwe lija la boma la Kota Kota, amene asanalowe ndale anagwirapo ntchito yothandizira DC, choncho ankalidziwa bomalo m'kati mwake. Iye ndi Kanyama Chiume ndi amene analimbikira kuitana Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anatera pa Chileka pa 6 July 1958 atakhala kunja zaka zoposa 40. M'miyezi yochepa nthambi za Congress zinafalikira m'midzi, ndipo uthenga umene unkamveka kwa mlimi unali wachidule: Chitaganya chithe, malimidwe athe.

Pa 3 March 1959, Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza State of Emergency, ndiye kuti lamulo lolola boma kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu, ponena kuti Congress inakonza chiwembu chopha azungu ndi ena ogwirizana ndi boma. Asilikali a Chitaganya analowa m'dziko, Congress inaletsedwa, Kamuzu anatengedwa kupita ku ndende ya Gwelo, ena ku Khami, ndipo ambiri anatsekeredwa ku Kanjedza. Anthu oposa 1,300 anamangidwa motero, ndipo 51 anaphedwa malinga ndi chiwerengero cha boma, 20 mwa iwo pa doko la Nkhata Bay pamene ankafuna kumasula abale awo amene anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Poyang'ana mfuti, boma linapambana msanga. Koma komiti imene Britain yomweyo inatumiza, yotsogozedwa ndi woweruza milandu Patrick Devlin, inanena mu July 1959 kuti sinapeze umboni wa chiwembu chachikulu chimene boma linkanena, kuti pafupifupi munthu wakuda aliyense ankadana ndi Chitaganya, ndipo kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Boma la Britain linakana mbali zina za lipotilo pagulu, koma linamva. Mu October chaka chomwecho Iain Macleod anakhala nduna yoona za maiko olamulidwa, ndipo anali atatsimikiza kale kuti Nyasaland singasungidwe ndi mfuti. Pa nthawiyo n'kuti Orton Chirwa ndi Aleke Banda atayambitsa kale Malawi Congress Party, pa 30 September 1959, ndipo chipani chatsopanochi chinakula mofulumira kuposa chimene chinaletsedwa chija.

Apa ndi pamene Nkhotakota ikulowa m'nkhaniyi mwachindunji, ndipo ndikukupemphani kuti ana asukulu a kwanuko azidziwa zimenezi. Kamuzu anatulutsidwa pa 1 April 1960, State of Emergency inathetsedwa mu June, ndipo mu July ndi August kunachitika zokambirana ku Lancaster House ku London zimene zinapatsa anthu akuda mipando yambiri m'Nyumba ya Malamulo. Kumapeto kwa September, chipani chinachititsa msonkhano wake waukulu ku Kota Kota. Glyn Jones, amene ankagwirizira udindo wa Bwanamkubwa Armitage ali kutchuthi, anavomera kutulutsa atsogoleri omaliza amene anali akadali m'ndende, kuphatikizapo Chipembere ndi abale awiri, Dunduzu ndi Yatuta Chisiza, ndipo Kamuzu anawaonetsa ku khamu la anthu pa msonkhanowo. Taganizirani zimene anthu a pa boma lanu anaona: anthu amene miyezi ingapo yapitayo boma linkawatcha oopsa kwambiri anaimirira poyera pa Kota Kota pomwepo, ndipo amene anawabweretsa sanali Bwanamkubwa koma mtsogoleri wa chipani. Aliyense anadziwa kumene mphamvu zapita. Pa msonkhano womwewo Kamuzu anapatsidwa utsogoleri wa chipani wa moyo wake wonse, zaka 11 asanapatsidwe utsogoleri wotere wa dziko mu 1971. Ine ndimaona kuti msonkhano wa ku Kota Kota ndi wofunika mofanana ndi wa ku Lancaster House, chifukwa wa ku London unanena mmene azungu adzachokere, pamene wa kwanuko unaonetsa mmene obwera m'malo mwawo adzalamulire.

Kuchokera pamenepo boma la DC linali ngati nyumba imene chiswe chadya nsichi zake, denga likadali pamwamba. Akapitawo a zaulimi ankaopa kulowa m'midzi, milandu ya malimidwe inaleka kufika ku mabwalo, ndipo mfumu yanzeru inkayamba yamva maganizo a tcheyamani wa chipani isanachite kanthu. Nthawiyi inalinso ndi mbali yake yoipa, imene sitiyenera kuibisira ana. Chifukwa zaumoyo zinali za Chitaganya, mu 1960 m'madera ambiri anthu anakana katemera wa nthomba atamva mphekesera zoti akufuna kuwatseka kubereka, ndipo matendawo anapha ana. Munthu wokayikiridwa kuti amagwirizana ndi Chitaganya ankatchedwa kapirikoni, ndipo ena anaotcheredwa nyumba, monga Chester Katsonga wa chipani cha Christian Democratic Party. Khadi la chipani linayamba kufunsidwa monga mmene chiphaso cha msonkho chinkafunsidwira, ndipo a Mboni za Yehova, amene ankakana kuligula, anayamba kuzunzidwa ufulu usanabwere n'komwe. Apolisi anali akadali pansi pa Bwanamkubwa, koma kawirikawiri boma linkasankha kusalimbana ndi chipani chimene linkadziwa kuti posachedwa lichisiyira dziko.

Chisankho cha pa 15 August 1961 chinali ndi makaundula awiri a ovota. Kaundula wapamwamba, wa anthu achuma ndi ophunzira kwambiri amene ambiri anali azungu ndi amwenye, unali ndi mipando 8. Kaundula wapansi unali ndi mipando 20, ndipo munalembetsa anthu oposa 100,000 okha, pakuti kuti munthu alembedwe ankayenera kukhala wodziwa kulemba ndi kuwerenga komanso wopeza ndalama zoikika kapena wolipira msonkho zaka zambiri, kapena kukhala ndi udindo ngati wa nyakwawa. Ndiye kuti amayi ambiri ndi alimi osaphunzira, amene ankadzaza misonkhano ya chipani, sanavote. Chipani cha tambala wakuda chinatenga mipando yonse 20 ya pansi ndi iwiri ya pamwamba, United Federal Party inatenga isanu, ndipo umodzi unapita kwa Colin Cameron, loya wa ku Scotland amene ankagwirizana ndi Kamuzu.

Chimene ambiri sachiona ndi unduna umene Kamuzu anadzisankhira. Sanatenge zachuma kapena zamalamulo, koma anatenga unduna wa zachilengedwe, mmene munali ulimi, pamodzi ndi wa maboma aang'ono. Anadziwa kuti pamenepo ndi pamene boma limakumana ndi munthu wa kumudzi. M'chaka cha 1962 malamulo okakamiza malimidwe anachotsedwa, thangata la m'maesiteti linathetsedwa mwalamulo, ndipo bungwe logula mbewu lija linasinthidwa kukhala Farmers Marketing Board, limene mu 1971 linadzakhala ADMARC. Chaka chomwecho, lamulo latsopano la makhoti a m'madera, limene Orton Chirwa analiyendetsa, linachotsa m'manja mwa mafumu mphamvu zoweruza milandu zimene anapatsidwa mu 1933, ndipo makhonsolo a maboma anayamba kudzazidwa ndi makhansala osankhidwa, amene pafupifupi onse anali a chipani. DC, amene kale anali woweruza, wamkulu wa mafumu ndi mwini chitukuko pa nthawi imodzi, anatsala ndi ntchito za mu ofesi, ndipo malangizo ake ankachokera kwa nduna zakuda. Choncho akuluakulu a ku Linga akamanena kuti Bwana DC anasiya kuopedwa, akunena za zaka za 1961 ndi 1962, ngakhale sakutchula manambala.

Zotsalazo zinayenda mofulumira. Zokambirana za ku Marlborough House ku London mu November 1962 zinavomereza boma lodzilamulira pa nkhani za m'kati mwa dziko, mu December nduna ya Britain R. A. Butler inalengeza kuti Nyasaland ikhoza kutuluka m'Chitaganya, pa 1 February 1963 Kamuzu anakhala nduna yaikulu, ndipo Chitaganya chinatha pa 31 December 1963. Pa chisankho cha April 1964, choyamba chimene munthu aliyense wamkulu analoledwa kulembetsa, panalibe kuvota kwenikweni, chifukwa oimira chipani pa mipando yonse 50 analowa opanda opikisana nawo. Dunduzu Chisiza, amene ambiri ankamuona ngati woganiza mozama kwambiri pa zachuma, sanaone zimenezi, pakuti anafa pa ngozi ya galimoto pa Thondwe mu September 1962.

Koma pali mbali ina ya funso lanu imene akuluakulu a ku Linga mwina sakanaiona ali kwawo. Ngakhale mphamvu za ndale zinachoka kwa azungu ufulu usanafike, ntchito zambiri zapamwamba zinakhalabe m'manja mwawo ufulu utafika. Atsamunda anachedwa kwambiri kuphunzitsa anthu: sekondale yoyamba, ya Blantyre, inatsegulidwa mu 1940, ya Zomba Catholic mu 1942, ya Dedza mu 1951, ndipo yunivesite inayamba kuphunzitsa mu 1965, dziko litalandira kale ufulu. Henry Phillips anakhalabe woyang'anira zachuma mpaka 1964, Glyn Jones anakhala woimira Mfumukazi mpaka dziko linakhala ripabuliki pa 6 July 1966, ndipo asilikali, apolisi ndi ofesi yaikulu ya ogwira ntchito za boma zinatsogozedwa ndi azungu mpaka kumayambiriro a zaka za m'ma 1970. Ndalama zoyendetsera boma sizinkakwana, ndipo Britain inkathira zoonjezera chaka ndi chaka. Malamulo okhwima nawonso sanafufutidwe. Lamulo losungitsa bata limene atsamunda anakhazikitsa mu 1960 pofuna kukhalabe ndi mphamvu State of Emergency ikatha, boma latsopano linalisunga, linaliwonjezera mano, ndipo linamangira nalo anthu popanda mlandu kwa zaka zambiri.

Nkhani zosamalizidwa zimenezi ndi zimene zinaphulika patangopita milungu yochepa mbendera itakwezedwa. Mu August ndi September 1964 nduna zinatsutsana ndi Kamuzu pa kuchedwa kopereka maudindo akuluakulu kwa Amalawi, pa malipiro a ogwira ntchito za boma, pa tiki, ndalama ya mapeni atatu, imene odwala ankayenera kulipira m'zipatala za boma, pa ubale wake ndi Apwitikizi a ku Mozambique, ndi pa khalidwe lake losafunsa anzake. Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi anachotsedwa, pamodzi ndi Rose Chibambo amene anali wachiwiri kwa nduna, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Chipembere anatula pansi maudindo awo. Glyn Jones anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi koma analephera, ndipo azungu otsogolera apolisi ndi asilikali anaima ndi nduna yaikulu. Mu February 1965 Chipembere, yemwe uja anaonetsedwa ku khamu la ku Kota Kota zaka zinayi ndi theka m'mbuyomo, anatsogolera anthu ake kulanda boma la Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi, ndipo ali pa ulendo wa ku Zomba anaimitsidwa pa Liwonde chifukwa pantoni yowolotsera inali tsidya lina la Shire. Asilikali amene anabwera kudzabalalitsa gulu lake anali Amalawi, koma akuluakulu owalamula anali a ku Britain.